Mawondo athu ndi makapisozi a mapeyala ndi soya: tisanataye ndalama tiyeni timvetsane

 A Admin tikupempha malo, lero tilemba motalikirapo chifukwa nkhani yake ikukhudza chinthu chimene tonse timadyera.

Pagulu pano timakonda kufunsana za reti ya randi, za duty, za basi iti imene ikunyamula bwino katundu, ndi za mzere wa pa Beitbridge. Koma mpamba wathu woyamba si ndalama ayi, ndi miyendo. Tsiku limene bondo lidzakane kukwera masitepe a basi, kapena chiuno chidzakane kukweza munthu m'thiraki, geni yathera pomwepo, ngakhale pasipoti ikhale ndi masamba ambiri otsala. Ife amene tadutsa zaka 40 tayamba kumva uthenga umenewu m'mafupa. Ndiye masiku ano kwabuka nkhani ya mafuta a zomera. Ena akuti kuli makapisozi a mapeyala ndi soya amene amabwezeretsa bondo mwakale, ena akuti mafuta a nsatsi, ena a bulugamu, ena a chamba. Anthu akutituma kuti tikawagulire ku Joni, ndipo ena akufuna kuwasandutsa katundu wogulitsa. Ife ndi anzathu amene timayenda limodzi njira ya Blantyre, Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Johannesburg tayesa zina mwa zimenezi, tafunsa azachipatala, ndipo tati tigawane zimene tikudziwa.

NYAMAKAZI YAKE NDI ITI

Kwathu kuphwanya kulikonse kwa mafupa timangoti nyamakazi, koma nyamakazi zili m'mitundu. Imene tikunena pano madokotala amaitcha osteoarthritis. Mukamadya nkhuku, yang'anani kumapeto kwa fupa la ntchafu. Pali kanthu koyera, koterera, kamene ena timakonda kukukuta. Ndicho chicherewecherewe. Nafenso tili nacho m'bondo ndi pamene mwendo umalumikizana ndi chiuno, ndipo ntchito yake ndi kuti mafupa azitsetserekana popanda kukhulana. Zaka zikamapita, thupi likamalemera, kapena ngati mfundoyo inavulalapo kale, chicherewecherewe chija chimayamba kuperepeseka. Fupa la pansi pake limalimba n'kumera timinyanga m'mbali, nthawi zina bondo limadzaza madzi, ndipo minofu yozungulira imafooka.

Zizindikiro zake ambirife tikuzidziwa. Ukakhala nthawi yaitali, poimirira bondo limakhala ngati lachita dzimbiri, ndipo limamasuka ukayenda pang'ono. M'mawa limauma kwa mphindi zochepa, kawirikawiri osapitirira theka la ola. Limalira kuti khrrr pokwera masitepe, ndipo kutsika kumawawa kuposa kukwera. Ya m'chiuno imapusitsa, chifukwa ululu wake umamveka m'mphechepeche, nthawi zina umatsikira kuntchafu mpaka kubondo. Munthu amayamba kuvutika kuvala sokosi kapena kumanga zingwe za nsapato.

Bungwe la WHO linanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi nthendayi, ndipo mwa iwo 365 miliyoni inali ya m'mawondo. Ambiri ndi opitirira zaka 55, ndipo amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Koma ife ntchito yathu imaiitana msanga. Taganizani: masiku awiri mawondo atapindika pampando wa basi, pansi pa mapazi pali chikwama. Kufika pa boda, tsitsani katundu yense, imani pamzere maola angapo, kwezaninso. Ku Joni kapena ku Kariakoo tsiku lonse ndi kuzungulira m'mashopu pa simenti youma, chikwama cha shangani chili pamutu. Madalaivala nawo mwendo wamanzere umathera pa kilachi, kenako kudumpha kuchokera m'galimoto, kukwera pamwamba kukamanga tenti, kenako kukhala masiku pamzere wa Kasumbalesa kapena Chirundu osayenda, kudya tchipisi ndi nyama yootcha.

MAKAPISOZI A MAPEYALA NDI SOYA

Pa mankhwala onse ochokera ku mafuta a zomera, amene afufuzidwa kwambiri pa nyamakazi ya bondo ndi chiuno ndi amene amalembedwa mwachidule kuti ASU. Dzina lodziwika kwambiri ndi Piascledine 300, yopangidwa ku France ndi kampani ya Expanscience. Kapisozi imodzi ili ndi mamiligalamu 300, gawo limodzi mwa magawo atatu lochokera ku mafuta a mapeyala, magawo awiri ochokera ku mafuta a soya. Amamwa imodzi patsiku, pakati pa chakudya.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Munthu akamva mapeyala ndi soya amati, aaa, ndiye bwanji osangodya mapeyala a ku Thyolo ndi phala la soya wa ku Mchinji? Idyani ndithu, ndi chakudya chabwino, koma si chimodzimodzi. Amene munaonapo akupanga sopo mukudziwa kuti mafuta akasakanizidwa ndi soda amasanduka sopo. Koma m'mafutamo muli kagawo kakang'ono zedi kamene kamakana kusanduka sopo. Kagawo kameneko ndi kamene amakapatula kufakitale n'kukaika m'kapisozi. Ndiye kumwa supuni ya mafuta ophikira a soya, kapena kupaka mafuta a mapeyala pabondo, sikungafanane ndi kapisoziyo. Wina akakuuzani kuti botolo lake la mafuta a mapeyala ndi Piascledine yamadzi, akukunamizani masana.

Tsono kodi imagwira? Yankho loona ndi lakuti imathandiza pang'ono, kwa anthu ena. Gulu la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wa mankhwala n'kuunika ngati ndi wodalirika, linatulutsa zotsatira mu 2014. Linapeza kuti ululu ukayezedwa pa sikelo ya 0 mpaka 100, omwa ASU ya mamiligalamu 300 amatsika ndi mapointi pafupifupi 8 kuposa amene apatsidwa kapisozi yopanda mankhwala. Eyiti pa handiredi. Si zero, koma si chozizwitsanso. Kumwa ziwiri patsiku sikunaoneke kuti kumaposa kumwa imodzi, choncho amene amawirikiza kuti achire msanga akungotaya ndalama.

Palinso kafukufuku wina wa ku France wotchedwa ERADIAS, amene anatsatira anthu 399 a nyamakazi ya m'chiuno kwa zaka zitatu. Pa X-ray, mwa omwa mankhwalawa pafupifupi 40 pa 100 alionse nthenda inapitirira kukula, pamene mwa osamwa anali pafupifupi 50 pa 100. Kusiyana kulipo, koma kochepa, ndipo pa nkhani ya ululu magulu awiriwa sanasiyane. Tionjezere zina ziwiri zimene wogulitsa sangakuuzeni. Choyamba, kafukufuku wambiri wa mankhwalawa analipiridwa ndi kampani yomwe imawapanga. Ife a geni tikudziwa kuti mwini katundu sanyoza katundu wake. Chachiwiri, ku France komweko inshulansi ya boma inasiya kuwalipirira anthu mankhwalawa mu 2015, itaona kuti phindu lake ndi lochepa. Sanaletsedwe ayi, koma wofuna amagula ndi ndalama zake.

Chofunika kwambiri kumvetsa ndi ichi: palibe kapisozi imene yatsimikizika kuti imameretsanso chicherewecherewe chimene chatha. Tayala likaperepeseka silimeranso mano. Chimene tingachite ndi kuchepetsa ululu, kulimbitsa minofu, ndi kuchedwetsa kutha kwa chotsalacho.

ZIMENE TAONA PAKATI PATHU

Pa kagulu kathu tilipo anayi amene tinamwa makapisoziwa miyezi itatu motsatizana. Tinagwirizana kuti aliyense azilemba m'kabuku komwe timalembamo ngongole za makasitomala: lero bondo lawawa bwanji pa 10, ndamwa mapiritsi angati opha ululu. Mwezi woyamba panalibe amene anamva kusintha, ndipo zimenezi n'zimene pepala la m'bokosi limanena, kuti mankhwalawa amachedwa, amatenga miyezi ngati iwiri. Pofika mwezi wachitatu awiri a ife tinaona kuti mapiritsi opha ululu tikumwa ochepa, ndipo potsika basi pa Zobue bondo silikuuma ngati kale. Mayi wina wa m'gulu lathu sanaone kusintha kulikonse. Wachinayi, amene vuto lake ndi la m'chiuno ndipo linafika kale patali, anati ndalama zake zangopita m'madzi.

Sitinganene kuti awirife anatithandiza ndi makapisozi okha, chifukwa nthawi yomweyo tinayambanso kulimbitsa ntchafu ndi kuchepetsa zakumwa za shuga. Ndiponso nyamakazi imeneyi imakhala ndi nyengo zake, mwezi wina imalusa, mwezi wina imagona. Munthu amagula mankhwala pamene ululu wafika pachimake, ndiye ukatsika wokha amayamika botolo. N'chifukwa chake kabuku kaja n'kofunika. Muwerengere bondo ngati mmene mumawerengera katundu: ndalowetsa zingati, ndapeza chiyani. Miyezi itatu kapena inayi ikatha popanda kusintha, siyani. Mtengo wake si wamasewera, ndipo ndalama ya miyezi itatu ikhoza kuoda katundu wooneka.

Pali zovuta zake. Ena amageya fungo la mafuta, ndipo n'chifukwa chake amati muzimwa pakati pa chakudya ndi madzi ambiri. Ena amatsegula m'mimba, chimene pa basi ya maola ambiri ndi chilango. Mwa apo ndi apo mankhwalawa amavuta chiwindi kapena kutulutsa zidzolo. Amene thupi lanu limadana ndi soya, amene muli ndi vuto la chiwindi, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi amene mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, musayambe musanaonane ndi dokotala. Abale amene muli pa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a TB, lamulo ndi limodzi: chilichonse chatsopano chimene mukufuna kumwa, ngakhale chilembedwe kuti ndi chachilengedwe, kachionetseni kukiliniki kwanu. Pali zitsamba zina, monga St John's wort, zimene zimafooketsa ma ARV m'thupi. Safunsa anadya phula.

MAFUTA OPAKA

Tibwere ku mabotolo amene amagulitsidwa m'mabasi ndi m'madepoti. Mafuta a nsatsi agogo athu ankathira pa bondo n'kusisita pafupi ndi moto, ndipo munthu ankamvadi bwino. Chimene chimathandiza pamenepo ndi kutentha ndi kusisitako, kumene kumamasula minofu. Palibe umboni wakuti mafutawo amalowa mpaka m'kati mwa mfundo kukathira girisi monga amanenera ogulitsa. Bondo si beringi ya thiraki. Pakani ngati mukumva bwino, ndi otsika mtengo ndipo savulaza khungu la anthu ambiri. Koma musamwe pofuna kuchiza bondo, chifukwa ntchito yake m'mimba ndi kutsegula basi. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa, zisakhale pafupi ndi ana.

Mafuta a bulugamu, a menthol ndi a wintergreen, amene ali m'mankhwala ambiri osisitira, amapangitsa khungu kumva kuzizira kapena kutentha, ndiye ubongo umaiwalako ululu wa m'kati kwa kanthawi. Pa ulendo amathandiza, koma akatha mphamvu bondo lili pomwe lija. Amenewa sakumwa ngakhale pang'ono. Makamaka wintergreen, kasupuni kamodzi kakhoza kupha mwana. Musapake pa chilonda, musamange bandeji yothina pamwamba pake, ndipo musaike botolo la madzi otentha pamalo pamene mwapaka, khungu limapsa.

Pali kirimu wina wopangidwa kuchokera ku tsabola, wotchedwa capsaicin. Ameneyu ali ndi umboni wakuti amachepetsa ululu wa bondo, koma amafuna kupaka katatu kapena kanayi patsiku kwa masabata angapo, ndipo masiku oyamba amaotcha. Mukapaka sambani m'manja ndi sopo, chifukwa mukagwira m'maso muli pa chiwongolero ndi ngozi. Musasinje kambuzi n'kupaka pa bondo poganiza kuti ndi chimodzimodzi.

Kwa bondo, madokotala ambiri amayamba ndi jelo wa diclofenac wopaka, chifukwa amagwira ndipo wolowa m'magazi ndi wochepa poyerekeza ndi mapiritsi. Kwa chiuno zopaka sizipita patali, popeza mfundo yake ili m'kati mwa minofu yambiri.

Za mafuta a chamba, amene ena amawatcha CBD, tingonena mwachidule. Umboni wake pa nyamakazi ya bondo ndi wofooka, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Kuona botolo pa shelefu ku South Africa sikutanthauza kuti mukhoza kudutsa nalo Zimbabwe, Mozambique, Zambia kapena Tanzania. Musaike pasipoti yanu ndi thiraki la bwana pachiswe chifukwa cha kabotolo.

CHENJERANI NDI MANKHWALA OGWIRA MSANGA

Chimene chimatiopsa kwambiri si mafuta osagwira, koma mankhwala ogwira mopitirira. Pali makapisozi ndi tiyi amene amalembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha, munthu ukamwa lero mawa ukuvina. M'mayiko ambiri mabungwe oona za mankhwala agwirapo zinthu zoterezi zitasakanizidwa mobisa ndi ma steroid monga dexamethasone, kapena ndi diclofenac. Ma steroid amachotsadi ululu msanga, koma ukamwa miyezi nkhope imatupa n'kukhala yozungulira, mimba imakula, shuga ndi BP zimakwera, mafupa amafooka, ndipo nthawi zina mutu wa fupa la m'chiuno umafa chifukwa chosowa magazi. Munthu amafuna kuchiza bondo n'kuphera chiuno. Ngati mwakhala mukumwa zoterezi kwa nthawi yaitali musasiye mwadzidzidzi, pitani nalo botololo kuchipatala akakuuzeni kasiyidwe kake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimodzimodzi mapiritsi athu a masiku onse, Brufen, diclofenac ndi Indocid. Amagwira, ndipo dokotala akalemba pa mlingo wake ndi othandiza. Koma mmene timamwera panjira, m'mimba muli mbee, madzi sitikumwa poopa kusowa chimbudzi, kenako kuonjezera ufa wa mutu ndi chakumwa chopatsa mphamvu, ndi njira yachidule yopezera zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Musaphatikize mitundu iwiri ya mapiritsi amenewa tsiku limodzi. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza magazi, tsikani pa tauni yoyamba imene ili ndi chipatala. Ubwino umodzi wa makapisozi a mapeyala ndi soya, kwa amene awayanja, ndi wakuti amachepetsako mapiritsi amenewa. Kwa ife chimenecho ndicho chifukwa chenicheni chowayesera.

KWA AMENE MUKUFUNA KUWAGULITSA

Tikudziwa maganizo a munthu wa geni: anthu ambiri akudandaula mawondo, ndiye apa pali msika. Abale, mankhwala si mabulangete. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake: PMRA ku Malawi, ZAMRA ku Zambia, MCAZ ku Zimbabwe, SAHPRA ku South Africa. Kulowetsa mankhwala ambiri oti mukagulitse kumafuna chilolezo, ndipo mukapezeka nawo pa boda popanda mapepala akhoza kulandidwa, inu n'kulowa m'milandu, katundu wina yense n'kuchedwa. Ngati ndi anu akumwa, kapena mwatumidwa ndi mayi anu kumudzi, gulani ku pharmacy yeniyeni, asiyeni m'bokosi lake, sungani lisiti ndi kalata ya dokotala ngati ilipo, ndipo tengani ochepa olingana ndi munthu mmodzi. Onani tsiku lothera ntchito ndi nambala ya batch. Onaninso kuti palembedwadi mamiligalamu 300 a ASU, chifukwa pali mabotolo ambiri ojambulidwa peyala kunja koma m'kati muli zina. Makapisozi a mafuta sagwirizana ndi kutentha, ndiye musawasiye pa dashibodi pamene mwaima ku Tete kapena ku Musina mwezi wa October. Ikani m'chikwama cha zovala, pamthunzi.

Ndipo pali nkhani ya chikumbumtima. Amene amagula zimenezi kwa ife ndi azimayi achikulire a kumpingo kwathu, azakhali athu, anthu amene agulitsa mbuzi kuti apeze ndalamayo. Kuwauza kuti bondo libwerera ngati la mtsikana ndi kuwabera. Kasitomala wonamizidwa pa nsapato amakwiya sabata imodzi, koma wonamizidwa pa matenda saiwala.

ZIMENE ZIMAGWIRA KOMA SIZIGULITSIDWA

Malangizo a madokotala, kuphatikizapo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2022, amaika patsogolo zinthu ziwiri: kulimbitsa thupi ndi kuchepetsa kulemera. Mankhwala amabwera pambuyo. Ambirife timaganiza kuti bondo lowawa lifunika kulisunga osaliyendetsa. Ayi, likakhala limauma ndipo minofu imafota, ululu n'kukula. Nyama ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo shoko ya bondo. Ikalimba, mfundo imapuma.

Nazi zimene ife timachita, ndipo sizifuna jimu. Muli pampando, wongolani mwendo umodzi, limbitsani ntchafu, werengani mpaka 5, tsitsani pang'onopang'ono, kakhumi mwendo uliwonse. Kwa dalaivala zimenezi zimatheka pa bedi la m'galimoto pamene mukudikira mapepala. China, khalani pa mpando wolimba n'kuimirira osagwira ndi manja, kakhumi, kawiri patsiku. Kwa chiuno, gonani chagada, pindani mawondo, kwezani matako m'mwamba, tsitsani. Masiku oyamba ululu umakwerako pang'ono, si chizindikiro chakuti mukuononga. Phindu limaoneka pakatha masabata 6 kapena kuposerapo. Basi ikaima, tsikani muyende ngakhale mphindi zisanu, musatsale pampando poopa kuti wina akuberani malo. Pogula tikiti pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti mwendo uziwongoka.

Za kulemera, ofufuza anapeza kuti kilo imodzi imene munthu wataya imachotsa makilo pafupifupi 4 pa katundu amene bondo limasenza pa sitepe iliyonse. Ife amene timalipira katundu pa sikelo tikumvetsa masamu amenewo. Makilo 5 okha ndi makilo 20 ochoka pa bondo, sitepe iliyonse, tsiku lonse lozungulira m'mashopu. Yambani ndi zakumwa za shuga ndi mowa, kenako chepetsani mtanda wa nsima ndi tchipisi za usiku. Nyamulani mtedza, nthochi, mazira owiritsa ndi madzi.

Katundu wolemera gawani pawiri, gulani kangolo ka matayala, kapena lipirani mnyamata wa ganyu. Ndalama ya ganyuyo ndi yochepa kuposa ya makapisozi. Valani nsapato za pansi pofewa, osati masilipasi kapena zazitali. Madalaivala, potsika musadumphe. Tembenukani kuyang'ana galimoto, gwirani ndi manja awiri, tsikani sitepe imodzi imodzi. Konzani mpando kuti popondereza kilachi bondo lisapindike kwambiri, ndipo chikwama cha ndalama chichoke m'thumba la kumbuyo. Amene mwafika pofuna ndodo musachite manyazi. Igwireni kudzanja la mbali imene ili bwino, osati mbali yowawayo.

PAMENE MAFUTA AYENERA KUIKIDWA PANSI

Si ululu uliwonse wa mwendo umene ndi nyamakazi imeneyi, ndipo ina ikasisitidwa imapha. Mukatsika basi katumba wa mwendo umodzi atatupa, akutentha ndi kuwawa, musasisite ndi mafuta alionse. Akhoza kukhala magazi oundana m'mtsempha chifukwa chokhala nthawi yaitali, ndipo akasuntha amapita kumapapo. Ngati mwayambanso kubanika kapena kumva kuwawa m'chifuwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, thupi likutenthanso, likhoza kukhala ndi mafinya m'kati, ndipo limenelo silidikira kuti mufike kwanu. Chala chachikulu cha kuphazi kapena bondo lotupa usiku umodzi pambuyo pa mowa ndi nyama yambiri nthawi zambiri ndi gout, imene ili ndi mankhwala akeake. Mfundo zambiri za m'manja zikamatupa mbali zonse n'kuuma m'mawa kupitirira ola, imeneyo ndi nyamakazi ya mtundu wina yofuna dokotala msanga. Ululu wa m'chiuno wosagonetsa usiku, pamodzi ndi kuonda ndi thukuta, ukhoza kukhala TB ya m'mafupa. Ndipo chonde tisiye kutema mphini pa bondo lotupa. Lezala ndi mankhwala opakapo zimalowetsa tizilombo pafupi ndi mfundo.

Kwathu ku Malawi zipatala za m'maboma zili ndi azachipatala oona za mafupa, ndipo akaona kuti vuto ndi lalikulu amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene tsopano kuli chipatala cha mafupa cha LION. Funsaninso za a physiotherapy, ndi amene amaphunzitsa masewera oyenera bondo lanu. Chiuno kapena bondo likatheratu pali opaleshoni yoika mfundo yachitsulo, ndipo anthu amayendanso bwinobwino. Ndi yodula komanso yodikira, n'chifukwa chake ndi bwino kukaonetsa msanga, kujambulitsa X-ray, n'kudziwa pamene mwafika, kusiyana ndi kutha zaka zisanu mukusintha mabotolo.

Tsono mukatifunsa kuti tigule kapena tisagule makapisozi a mapeyala ndi soya, yankho lathu ndi ili. Ngati dokotala watsimikiza kuti ndi nyamakazi ya kuperepeseka, sinafike poipitsitsa, mulibe matenda amene tatchula aja, ndipo ndalamayo sichokera pa mpamba kapena pa fizi ya ana, yesani miyezi itatu mukulemba m'kabuku. Zikathandiza pitirizani, zikakanika siyani osadandaula. Koma ngati ndalama ndi yochepa ndipo muyenera kusankha, gulani nsapato zabwino ndi kangolo, lipirani ulendo wa kuchipatala, ndipo yambani kuwongola miyendo lero pampando umene mwakhalapowo.

Amene mwayesapo mankhwalawa, kaya anakuthandizani kaya ayi, tiuzeni mwamwa nthawi yaitali bwanji komanso ndi bondo kapena chiuno, kuti tonse tiphunzirepo. Mutu umodzi susenza denga. Otsatsa mabotolo a zozizwitsa, a Admin atithandize nawo. Amene muli panjira usiku uno muyende bwino, ndipo basi ikaima tsikani muwongole miyendo.